Chilengezo: Loweruka tikambirana za likodzo

Anzanga a m'gulu muli bwanji, Loweruka lino tikumane 2 koloko masana pamalo athu aja pafupi ndi mlatho, nkhani yake ndi likodzo. Ambirife tinakula tikumva kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, koma ayi ndithu, ndi tinyongolotsi timene dokotala Theodor Bilharz anatulukira ku Egypt mu 1851, timachoka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu ana akamasambira kapena amayi akamachapa pagombe. Ku Chembe, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, nsomba zodya nkhono zitachepa matendawa anachuluka. Tikambirananso ngati n'koyenera kuyeza mikodzo ya ana kusukulu makolo osafunsidwa, ineyo ndikuti ayi. Chonde mubwere ndi agogo athu, atiuze mmene ankachitira kale.