Chilolezo chomanga nyumba zosanja pachokha sichikwanira

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa malamulo atsopano a kamangidwe ka nyumba m'mizinda amene boma la chigawo cha New South Wales ku Australia lakhazikitsa, poti ena akuwatama ngati kuti kusowa kwa nyumba mu Sydney, likulu la chigawochi, kwatha kale.

Kwa zaka zambiri makhonsolo ndiwo ankagamula chomangidwa pa puloti iliyonse, ndipo m'madera ambiri ankalola nyumba imodzi basi. Tangoganizani puloti yaikulu pafupi ndi siteshoni ya sitima, kapinga wotchetchedwa bwino kumaso, galaja pambali, m'nyumbamo muli nkhalamba ziwiri zokha, pamene namwino wa pachipatala chapafupi amalawira mbandakucha kuchokera kunja kwa mzinda chifukwa lendi ya m'deralo sangaikwanitse. Boma la chigawochi, lotsogozedwa ndi a Chris Minns, linaona kuti zinthu zikakhalabe chonchi, nyumba 377,000 zimene chigawochi chiyenera kumanga pofika 2029 sizioneka. Motero mu July 2024 linalola nyumba ziwiri pa puloti imodzi m'madera ambiri, ndipo mu February 2025 linalolanso nyumba zogundizana ndi zosanja, m'malo ena mpaka nsanjika 6, mkati mwa mamita 800 kuchokera pa masiteshoni ndi malo amalonda 171.

Pamenepa ndili kumbali ya boma. Khansala amamvera eni nyumba amene amamuvotera, pomwe banja losaka pokhala silinafike n'komwe m'deralo, choncho lilibe womulankhulira. Sizinandidabwitse kuti khonsolo ya Ku-ring-gai, dera lina la mu Sydney, inathamangira kukhoti mu 2024 kukatsutsa zomanga nyumba zosanja pafupi ndi masiteshoni ake.

Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chigawo cha California ku America chinakhazikitsa lamulo la SB 9 mu 2021, lolola mwini puloti kuigawa pawiri ndi kumangapo nyumba zina, koma m'chaka choyamba amene anatsata mwayiwo anali ochepa kwambiri. Womanga amayamba wawerengera mtengo wa malo, chiwongoladzanja cha kubanki, simenti, zitsulo ndi malipiro a amisiri, ndipo akaona kuti phindu palibe, chilolezocho amachitsekera m'kabati n'kumadikira kuti malowo akwere mtengo. Lamulo silikumba maziko.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri chili pansi pa msewu. Msewu umene unali ndi mabanja ochepa ukadzaza nyumba zosanja, mapaipi a madzi, a zonyansa ndi ngalande zimakhala zomwe zija zakalekale. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi amene kale ankalowa pansi pa kapinga amathamanga pa konkire n'kukasefukira kwa okhala kumunsi, ndipo m'mawa sitima imafika itadzaza kale. Ndalama zimene omanga amalipira boma kuti zithandize pa zinthu zotere ziyenera kugwira ntchito anthu asanalowe m'nyumbazo.

Nanga namwino uja? Pa masiteshoni 37 amene boma linasankha mu ndondomeko ina yomanga nyumba zosanja pafupi ndi masiteshoni, nyumba zotsika lendi zimene womanga akukakamizidwa kupatula zimayambira pa 2 mwa 100 zilizonse. Chiwerengero chimenecho n'chochepa zedi, ndipo chiyenera kukwezedwa. Ndikupemphanso nduna yoona za mapulani, a Paul Scully, kuti akamalengeza za kupambana kwa ndondomekoyi azitchula nyumba zomalizidwa zimene anthu alowamo, dera ndi dera, pamodzi ndi lendi imene akulipira.

Ine wowerenga wanu.