Ukaona ndakhala chete, udzandifunse

Aise,

Kalata yako yandipeza Lachiwiri. Theka lake ndi mlandu wa mbuzi za aNaphiri, theka linalo kundinyoza kuti ndanenepa. Pachithunzi chija ndinavala majuzi atatu, usamanamize anthu. Za ukwati wa mlongo wako wangozigwetsa pamzere umodzi ngati ukupempha mchere. Chabwino, ndamva, kangachepe kabwera kumapeto kwa mwezi.

Ine kuno ku Tokyo, ku Japan, tulo tandivuta chifukwa cha agogo ena aamuna okhala chitseko choyang'anana ndi changa. Amakhala okha, msana unapindika, ndipo timakumana m'mawa kotaya zinyalala. Iwo amaweramitsa mutu, inenso ndimaweramitsa wanga, chaka chonse chibale chathu n'chomwecho. Ndiye sabata yatha ndinangoona masiku anayi adutsa osawaona. Nyuzipepala zinadzaza pakabowo ka chitseko chawo mpaka ina kulendewera ngati lilime la galu. Kwathu bwenzi nditangoti odi n'kukankha chitseko. Kuno kugogoda kwa munthu amene sanakuitane kumaoneka ngati kumusowetsa mtendere. Ndinaima pakhomopo dzanja lili m'mwamba ngati mnyamata wokafunsira mbeta, kenako ndinabwerera m'nyumba.

Useke, koma mantha angawa ali ndi pochokera. Mu July 2010 akuluakulu a dera la Adachi, mu Tokyo momwemuno, ankafuna kuonana ndi bambo wina dzina lake Sogen Kato, poti m'kaundula anali atakwanitsa zaka 111, wamkulu kuposa amuna onse a mumzindawu. Achibale ankangowabweza pakhomo. Apolisi atalowa anapeza mtembo wouma gwaa pabedi, uli m'zovala zogonera, utafundidwa bulangete. Nyuzipepala za m'chipindamo zinali za 1978. Tangoganiza, zaka zoposa 30 munthu ali gone, banja likuphika ndi kudya kuseri kwa khoma! Iwo anati mkuluyo anadzitsekera yekha ponena kuti akufuna kusanduka Buddha wamoyo. Koma penshoni inkalowabe, mayeni (ndalama za kuno) oposa 9 miliyoni, ndipo mwana wake wamkazi wa zaka 81 ndi mdzukulu anamangidwa. Mizukwa yolandira malipiro tinkayesa ndi luso lathu tokha.

Akuluakulu a boma atachita manyazi, anati tiyeni tikaone mayi wamkulu kuposa onse mu Tokyo, Fusa Furuya wa zaka 113 ku Suginami. Kulibe. Mwana wake anali asanamuone kuyambira m'ma 1980. Apa m'pamene anayamba kuvundukula mabuku dziko lonse, ndipo mu September chaka chomwecho unduna wa zachilungamo unalengeza kuti anthu 234,354 a zaka zoposa 100 akuoneka amoyo m'kaundula wa mabanja koma sakudziwika komwe ali. Mwa iwo 77,118 akanakhala ndi zaka 120 kapena kuposa, ndipo 884 akanadutsa 150. Pachilumba cha Iki ku Nagasaki anapeza wina wobadwa mu 1810. Ameneyu ndi mkulu wake wa David Livingstone, aise, ndipo pepala linkati akupumabe.

Usaganize kuti onsewa ndi akuba. Kaundulayu amamutcha koseki, ndipo dzina limafufutidwa pokhapokha wina akapita kukanena kuti mwini wake wamwalira. Akuti ambiri mwina anafa ndi mabomba pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, banja lonse limodzi, wokanena osatsala. Ena anasamukira ku Brazil ndi maiko ena n'kukafera komweko. Boma linatinso chiwerengero cha zaka zomwe anthu a kuno amakhala ndi moyo sichinasokonekere, poti amachitenga ku kalembera osati ku koseki. Odya penshoni ya malemu sandiopsa kwenikweni, umbava ndimaudziwa. Amene amandisowetsa tulo ndi aja amene palibe anawabera kalikonse, kungoti panalibe wofunsa kuti kodi auje ali kuti masiku ano.

Ndipo sizinathe ayi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse kuno wadutsa zaka 65. Mu 2023 apolisi analandira madandaulo a anthu 19,039 osowa chifukwa cha matenda oiwalaiwala a ukalamba. M'matauni ena chimkuzamawu cha pamtengo chimalengeza masana kuti kwasowa agogo ovala chakuti, aatali chakuti. Imfa ya munthu wofera yekha m'nyumba n'kupezeka patapita masabata ili ndi dzina lakelake, kodokushi, ndipo kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuyeretsa zipinda zoterezi.

Ndinakumbuka agogo ako tsiku lolembetsa ziphaso za unzika mu 2017, atafunsidwa chaka chobadwa n'kuyankha kuti panjala ya 1949 anali atayamba kale kubereka mwana kumbuyo. Mlembi anangoponyapo chaka chimene chinamubwerera. Pepala lawo ndi labodza, koma atapanda kutuluka kukasesa pabwalo, dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse wadziwa, aNabanda ali kale pakhomo ndi phala. Komatu usanyade. Ndife omwe timagenda nkhalamba ati ndi mfiti, ndipo amalume ako aja amene anapita ku Joni tili ku pulayimale, ndani wa inu anganene lero ngati ali moyo?

Agogo anga aja anabwera Lachisanu, kachikwama m'manja, ali bwinobwino. Ndinasangalala mpaka ndinawapatsa moni m'Chichewa. Iwo anandiyang'ana, n'kuloza thumba langa la zinyalala. Ndinali nditaikamo botolo la pulasitiki osachotsa chitsekerero ndi kapepala kake, komanso silinali tsiku la mabotolo. Mawu oyamba amene mkuluyu wandilankhula chaka chonse ndi ondidzudzula. Ndinawalirira pachabe masiku anayi.

Chatsala n'chakuti ndayamba kudziwerengera ndekha. Nditagwa m'bafa usiku uno, ndani angadziwe? Lendi imadulidwa yokha kubanki, magetsi chimodzimodzi. Kuntchito angaimbe kawiri katatu. Iweyo ungadzazindikire pa 30, ndalama ikapanda kulowa pafoni, ndipo ndikukudziwa, uyamba wandinena kaye kwa alamu ako kuti Japan yandinyaditsa. Ndiye tipangane: ukaona Lamlungu ladutsa ndili zii, imba. Ndikapanda kuyankha imbanso, usati mwina ndatanganidwa.

Ufa uja unatha kalekale, wa kuno umaphika nsima yonga phala la odwala. Ukamva za munthu wobwera kuno, mgaiwa pang'ono, koma usabwereze zija unachita ulendo wathawu zokulunga mu nyuzipepala ndi sopo m'chikwama chimodzi.