Zoumba za ana zisamasweke chionetsero chisanafike

Akonzi,

Tiloleni tiyankhuleko ndi aphunzitsi anzathu komanso makomiti a sukulu kuno ku Dedza amene akukonza tsiku loonetsa luso la ana teremu isanathe. Chaka ndi chaka ntchitoyi imayamba kutatsala masiku atatu, ndiye makolo amadzapeza ng'ombe zadongo zoduka mitu ndi zithunzi zoyoyoka utoto. Mlandu si wa ana ayi, ndi wa kakonzedwe.

Dongo la kudambo palokha limang'aluka likamauma. Pa mbale zitatu za dongo thiranipo mbale imodzi ya mchenga wosefa kapena mapale osinja, monga amachitira amayi oumba mbiya. Chotsani timiyala ndi mizu, likandeni mpaka lifewe, kenaka likulungeni m'pulasitiki ligone masiku awiri. Mwana asaumbe chinthu chochindikala kuposa chala chachikulu cha bambo ake. Ngati ndi ng'ombe yonenepa, ibooleni kumimba ndi kamtengo kuti m'kati muume. Miyendo ndi nyanga zimathothoka chifukwa ana amangomata basi. Ayambe alemba timizere mbali zonse ziwiri, anyowetsepo, ndiyeno alumikize n'kusalaza ndi chala.

Umitsani pamthunzi. Padzuwa kunja kumauma m'kati mudakali chinyezi, ming'alu n'kuyamba. Ndi chisanu chathu cha Juni ndi Julayi, werengerani masabata awiri. Choumbacho chikamazizirabe mukachigunditsa patsaya ndiye kuti sichinaume, ndipo pamoto chiphulika. Kuwotcha kukhale kwa akuluakulu okha.

Utoto sulira ndalama. Katondo amapereka wofiira, makala osinja wakuda, zotsalira za choko woyera. Sefani pansalu yakale. Komatu musasungunule ndi madzi okha, poti ukauma umangochoka ngati fumbi. Phikani supuni imodzi yaikulu ya ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi mpaka phalalo lichite mbee, lizizire, ndiye musakanize ndi utotowo. Phala lomweli ndi zomatira zabwino, koma limasasa pakatha masiku awiri, choncho phikani lochepa. Laimu musiyeni, amawotcha khungu ndi maso. Pojambula gwiritsani ntchito makatoni a kugolosale. Mapepala a m'kope amakwinyika akanyowa. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi, kapena nthenga ya nkhuku.

Pa tsikulo, zithunzi zisakwere kumwamba ngati kalendala ya mu ofesi. Mangani chingwe mita imodzi kuchokera pansi kuti mwana wa zaka zinayi aone yekha osam'nyamula, ndipo zoumba zikhale pamphasa m'mbali mwa khoma. Dzina ndi sitandade zilembedwe kutsogolo, chifukwa kholo likalowa limayamba lafunafuna cha mwana wake. Ionetseni ntchito ya aliyense, osati ya ana asanu aluso okha. Ife mphoto ya nambala wani kwa ana a Sitandade 1 sitiiona phindu lake. Mmodzi amaseka, makumi asanu n'kubwerera kunyumba atakwinya nkhope.

Payalidwenso mphasa ya tiana tobwera ndi amayi awo, pakhale dongo lofewa, beseni la madzi ndi sopo, ndi munthu wamkulu mmodzi pa ana asanu alionse. Nyemba, mikanda ndi zitsekerero za mabotolo zisafike pamenepo, ana osakwana zaka zitatu amaponya m'kamwa kapena m'mphuno. Nsatsi ndiye zisapezeke n'komwe pa zomatamata, ndi poizoni. Maola awiri akwanira, kuyamba 10 koloko dzuwa litatenthako.

Zoti ana atengerepo chitsanzo tili nazo pakhomo. Ku Mua kuli Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, kumene ana angaone akatswiri a zosemasema. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO lidawazindikira mu 2006: zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa. Sukulu zoyandikira Mphunzi kapena Chentcherere zitha kutengerako ana sabata yoyamba ya kukonzekera, aliyense ndi katoni yake ndi khala lake. Chokhacho awuzidwe asananyamuke kuti mwalawo sakhudza, sathirapo madzi, ndipo salembapo dzina.

Aphunzitsi ndi oumba mbiya,
Dedza