Dandaulo kwa akuluakulu a kampani imene inatigulitsa kalavani yathu yoyamba

Achikulire, ndikulemba pano pa tsamba lanu, pamaso pa anthu onse, chifukwa makalata amene ndinakutumizirani pa imelo simunawayankhe, ndipo ndikaimba foni ndimangouzidwa kuti a manijala atuluka pang'ono, andiimbira akabwera. Ndikulemba m'Chichewa popeza uthenga wamalonda umene unandifikitsa kwa inu unalembedwanso m'Chichewa, m'gulu la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia okhala kuno ku Manchester, ndipo anaulemba ndi wantchito wanu, m'bale wathu, amene analonjeza kuti aliyense wogula kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, kwa nthawi yoyamba mudzamuphunzitsa zonse, kuyambira kuikoka pamsewu mpaka kuikhazika pamalo ogona, asanatuluke pageti panu. Lonjezo limenelo ndi limene linandipangitsa kusiya makalavani otchipa amene anthu amagulitsa pakhomo pawo n'kubwera kwa inu, ndipo simunalikwaniritse ngakhale pang'ono.

Tsiku limene tinabwera kudzaona makalavani ndinanena mosabisa kuti chibadwire sindinakokepo ngolo ya mtundu uliwonse, ndipo galimoto imene ndinkafuna kukokera inali itaima pabwalo panu pomwepo. Wogulitsa wanu anangoizungulira n'kunena kuti ikoka popanda vuto, kenako anawonjezera kuti za laisensi ndisade nazo nkhawa, chifukwa kuyambira pa 16 Disembala 2021 munthu wokhala ndi laisensi wamba ya galimoto ku England, Scotland ndi Wales amaloledwa kukoka ngolo yolemera mpaka makilogalamu 3,500 popanda kukayesedwanso. Za lamulozo sananame, koma chilolezo cha boma sichiuza munthu ngati galimoto yake ingalimbane ndi katundu amene wakoleka kumbuyo. Mabungwe awiri akuluakulu a eni makalavani m'dziko muno, Caravan and Motorhome Club ndi Camping and Caravanning Club, amalangiza kuti woyamba kumene asakoke kalavani imene, ikadzaza katundu, imaposa 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yokokayo ili yopanda katundu. Galimoto yanga imalemera makilogalamu 1,500, kutanthauza kuti yondiyenera inali kalavani yosapitirira makilogalamu 1,275. Imene munandigulitsa, pa kachitsulo kamene kali pafupi ndi chitseko palembedwa MTPLM, kulemera kwake kololedwa ikadzaza katundu, ya makilogalamu 1,480, ndiye kuti ikungotsala pang'ono kulingana ndi galimoto imene ikuikoka. Masamu amenewa si ovuta, ndipo sindingavomere kuti anthu ogulitsa makalavani tsiku ndi tsiku sawadziwa.

Simunandiuzenso kuti katundu amene tingaike m'katimo ndi wochepa chotani. Kalavaniyi imaloledwa kunyamula makilogalamu 160 okha, ndipo pa amenewo munali mutadyapo kale opitirira 50 ndi batire komanso makina oiyendetsera ndi rimoti amene munandiumiriza kuti ndiikitse. Otsalawo ndiwo amayenera kukwanira zofunda, mapoto, mbale, chakudya, mipando, hema wa pakhomo ndi zovala za banja lonse. M'malo motichenjeza, wogulitsa wanu anatukula bedi lakumbuyo, n'kutionetsa malo aakulu amene ali kunsi kwake, n'kuuza mayi akunyumba kuti zolemera zonse aziponya mmenemo. Malangizo amenewa ndi oopsa, chifukwa zolemera zimayenera kukhala pansi, pakatikati pa kalavani, pafupi ndi ekiselo, kuti kutsogolo kuzitsamira galimoto ndi kulemera kwa pakati pa 5 ndi 7 peresenti ya kalavani yonse, osapitirira malire a towbar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto, omwe pa galimoto yanga ndi makilogalamu 75. Pamene munthu wina anatiyezera pambuyo pake ndi sikelo ya m'bafa ndi kathabwa, kutsogolo kunkatsamira ndi makilogalamu osakwana 40, zolemera zonse zili kumchira monga munatilangizira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya girizi, chifukwa ndinaiona ndi maso anga, ndinathokozanso. Tikukoleka kalavani kuti tizipita, mnyamata wa ku galaja kwanu anabwera ndi kachitini, anatapa girizi ndi chala n'kupaka mpira wachitsulo wa towbar mbali zonse mpaka unanyezimira, akunena kuti akutero kuti usamalire pokhota. Kalavaniyi ili ndi chokolekera cha AL-KO, chimene m'kati mwake muli timapadi tofinya mpirawo kuti kalavani isamagwedezeke, ndipo timapaditi timagwira pokhapokha mpira uli wouma, wopanda mafuta ngakhalenso penti. Mnyamata wanu anapha chipangizo chimene chikanatiteteza, ndipo timapadi tonse tiyenera kusinthidwa chifukwa tinamwa girizi. Kachingwe kachitsulo kamene kamakoka mabuleki a kalavani ikakolowoka pamsewu anangokakoleka osanena kuti n'kachiyani, ndipo sanandionetse kuti munthu ukakoleka umayenera kutsitsa katayala kakutsogolo mpaka kumbuyo kwa galimoto kutayamba kunyamuka, kuti utsimikize kuti zagwiranadi.

Zotsatira zake tinakumana nazo pa msewu wa A55, popita kumpoto kwa Wales, pa chitsetso chachitali cha Rhuallt Hill. Lole itatidutsa, mphepo yake inakankha kalavani, ndipo inayamba kupita uku ndi uku ngati mchira wa mlamba, ikukoka kumbuyo kwa galimoto, ana ali pampando wakumbuyo akukuwa. Palibe mmodzi wa inu amene anandiuza kuti zikatere munthu suponda mabuleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero, koma umachotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, chiwongolero utachigwira chowongoka, mpaka kalavani itakhazikika yokha. Tinapulumuka chifukwa magalimoto amene anali kumbuyo anaona msanga n'kutipatsa mpata. Ndikanakonda a manijala, amene nthawi zonse amakhala atatuluka pang'ono, akanamva mmene mwana wanga wamng'ono amafunsira mpaka lero ngati tidzakokenso chinyumba chija.

Amene anatiphunzitsa zimene munayenera kutiphunzitsa inu ndi agogo ena achizungu amene tinayandikana nawo pamalo ogona, anthu oti sanalandirepo ndalama yathu iliyonse. Iwo ndi amene anagwada pa udzu, n'kupukuta m'mbali mwa tayala ndi mpango, n'kundiwerengera manambala anayi omaliza a DOT, akuti 1816, kutanthauza kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 18 ya chaka cha 2016. Wogulitsa wanu anationetsa mapanga a matayala kuti akadali akuya, koma matayala a kalavani satha ndi kuyenda, amatha ndi kukhala pamalo amodzi padzuwa ndi pachisanu, n'chifukwa chake malangizo amati asinthidwe akakwana zaka 5 ndipo asagwiritsidwe ntchito akapitirira zaka 7. Popeza kalavani siipita ku MOT (kuyezedwa chaka ndi chaka ngati ikuyenerabe kuyenda pamsewu) ngati galimoto, palibe wina amene akanaona zimenezi kupatula inu amene munaiika pamalonda mutalemba kuti mwaiunika paliponse. Agogo omwewo ndi amene anandifunsa kuti magalasi owonjezera oonera kumbuyo ndawasiya kuti. Lamulo limafuna kuti wokoka aziona mamita 4 kumbali pa mtunda wa mamita 20 kumbuyo kwake, ndipo wopezeka alibe akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000 ndi kulembedwa mapointi atatu pa laisensi. Magalasi amenewo mumagulitsa m'sitolo mwanu momwemo, pafupi ndi pamene ndinalipirira, koma simunawatchule. Simunatchulenso kuti wokoka kalavani sapitirira mamailosi 60 pa ola pa motorway ndi pa misewu yogawidwa pakati, mamailosi 50 pa misewu ina ya kunja kwa tauni, ndiponso saloledwa kulowa mzere wakumanja kwenikweni pa motorway ya mizere itatu kapena kuposerapo.

Za kukhazika kalavani sindichulutsa mawu, ngakhale zinatisautsa usiku wonse woyamba. Munatiuza kuti miyendo inayi ya m'makona ndiyo timawongolera kalavani ikapendekeka, pamene zoona zake n'zakuti miyendoyo ndi yongoichirikiza kuti isamagwedere, ndipo kunyamulira kalavani pamenepo kumapinda miyendo ndi kuwononga pansi pake. Kuwongola m'mbali kumachitika pokweza tayala limodzi pa chokwezera chake, kutsogolo ndi kumbuyo ndi ntchito ya katayala kakutsogolo, ndipo kalavani ikakhala yopendekeka furiji yake siziziritsa bwino. Pa magetsi simunanene kuti chingwe chimayamba kulumikizidwa ku kalavani kenako ku polo ya magetsi ya pamalo ogonapo, chitatambasulidwa chonse kuti chisatenthe, ngakhalenso kuti malo ena amapereka ma amp 10 okha, omwe ndi mawati pafupifupi 2,300, moti ketulo ya kunyumba ikakumana ndi hita magetsi amazima nthawi yomweyo. Munatipatsanso botolo la gasi wa butane ngati mphatso, m'nyengo yoti chisanu chayamba kale, mukudziwa kuti gasi ameneyu amakanika kutuluka kukazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0, ndipo wa nyengo yozizira ndi propane. Alamu yochenjeza za mpweya wa carbon monoxide tinaipeza ilibe batire, m'kanyumba kogona ana momwe muli chitofu, furiji ndi hita zoyendera gasi.

Titabwerera ndinaitana katswiri wa pansi pa Approved Workshop Scheme, ndondomeko yovomereza okonza makalavani, kuti aunike kalavani yonse, ndipo ndi iye amene anapeza chachikulu. Pakona yakutsogolo, kuseri kwa khushoni, khoma ndi lofewa moti chala chimalowa ukadina, ndipo makina ake oyezera chinyontho anasonyeza kuposa 30 peresenti, pamene khoma louma bwino limasonyeza 15 kapena kucheperapo. Ananena kuti madzi akhala akulowa kwa nthawi yaitali ndipo matabwa a m'kati ayamba kuwola. Tsiku logula lija m'kalavanimo munkanunkhira mankhwala ofukizira m'nyumba, mazenera onse ali otsegula, ndipo nditapempha lipoti la chinyontho munati mulitumiza pamodzi ndi mapepala osintha umwini a CRiS, kaundula wa makalavani ndi eni ake. Mpaka lero sindinalandire chilichonse mwa ziwirizi. Nambala yozindikirira kalavani, ya zilembo 17, yolembedwa pa mazenera ndili nayo, ndipo kalavaniyi sinalembedwebe m'dzina langa.

Mwina mudzayankha kuti wogula amayenera kudziwerengera yekha, monga mmodzi wa antchito anu anandiyankhira pa foni. Yankho limenelo likanamveka mukanakhala kuti munangoika mtengo pa kalavani n'kukhala chete. Koma inu munaitana anthu oyamba kumene, m'chinenero chawo, kudzera mwa munthu amene tinamukhulupirira ngati wakwathu, ndipo munaika maphunzirowo pa mtengo umene tinalipira. Munthu amene sanakokepo kalavani sadziwa ngakhale funso loti afunse, sangafunse za girizi kapena za manambala a pa tayala, ndipo n'chifukwa chake amapita kwa ogulitsa odziwika m'malo mogula kwa munthu wamba. Maphunziro amene tinalandira anali kutionetsa poyatsira magetsi a m'denga, kutipatsa makiyi, ndi kutijambula chithunzi chimene munachiika pa tsamba lino popanda kutipempha.

Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu wogulitsidwa ndi wamalonda ayenera kukhala wabwino mokwanira, wofanana ndi mmene anafotokozedwera, komanso woyenera ntchito imene wogula ananena kuti akumufunira, ndipo limapatsa wogula masiku 30 oti abweze katundu wolakwika n'kulandira ndalama zake zonse. Kalata yanga yokana kalavaniyi inafika kwa inu masiku 30 amenewo asanathe, ndipo umboni wa tsiku limene ndinaitumiza ndausunga pamodzi ndi lipoti la katswiri uja, zithunzi za matayala, ndi uthenga wanu wamalonda wa m'Chichewa. Ndikufuna mubwere mudzatenge kalavani yanu pa ndalama zanu, chifukwa ine sindingaikokenso pamsewu ndi matayala amenewo, mundibwezere ndalama zonse kuphatikizapo za makina oiyendetsera ndi zimene ndinalipira katswiri, ndipo muchotse chithunzi cha banja langa pa tsamba lanu. Mukapanda kundiyankha molemba m'masiku 14 kuchokera lero, ndikadandaula ku Citizens Advice, bungwe lolangiza anthu za ufulu wawo, kuti nkhaniyi ikafike ku Trading Standards, ofesi ya boma yoteteza ogula, ndipo popeza gawo la ndalamazo ndinalipira ndi khadi la ngongole, ndikapempha banki yanga indibwezere motsatira Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974, yomwe imakhudza katundu wa mtengo wopitirira mapaundi 100 mpaka 30,000. Musandiimbire foni, mundilembere pa imelo imene muli nayo kale m'mafayilo anu.