Chilengezo kwa Mamembala: Msonkhano wa Nkhani ya Masitolo Otsekedwa

Mamembala olemekezeka,

Komiti ikukuitanani ku msonkhano womwe uchitike Lachinayi likudzali madzulo, ku holo yomwe timakumanira nthawi zonse, kuti tikambirane za masitolo otsekedwa mumsewu waukulu wa m'tauni yathu.

Monga mukudziwa, Debenhams itatseka masitolo ake onse mu 2021, kenako Wilko mu 2023, misewu yambiri ya malonda kuno ku England inatsala ndi nyumba zikuluzikulu zopanda munthu, zina mawindo atakhomedwa matabwa, makalata akungounjikana kuseri kwa chitseko. Anthu ochuluka akugula pa intaneti, msonkho wa malo a bizinesi ukulemera, ndipo sitolo imodzi ikatseka, oyandikana nayo amayamba kusowa makasitomala.

Nkhani yaikulu idzakhala ndondomeko ya High Street Rental Auctions, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Disembala 2024. Ndondomekoyi ikupatsa makhonsolo mphamvu yochititsa lendi pa okushoni sitolo yomwe yakhala yopanda ntchito kwa masiku opitirira 365 m'miyezi 24, ngati mwini wake walephera kupeza wolowamo atachenjezedwa, ndipo wopambana amatenga malowo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Komiti ikuona kuti uwu ndi mwayi kwa amalonda ang'onoang'ono, komabe khonsolo sikakamizidwa kugwiritsa ntchito mphamvuyi, choncho mpofunika kuti tikaipemphe ndi mawu amodzi.

Aliyense abwere ndi manambala a nyumba zotsekedwa zomwe wayandikana nazo, komanso mwezi womwe zinatsekedwa ngati akuukumbukira. Amene sangathe kufika atumize maganizo awo kwa mlembi pofika Lachitatu.

Mlembi, m'malo mwa Komiti