Kalata yochokera ku Bangula

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndalandira, ndalama ija yafikanso, zikomo. Koma mawu ako akuti madzi a namondwe Freddy anali chilango cha Mulungu andisowetsa tulo kuposa udzudzu wa kuno. Ulaliki wauyamba liti ku Joniko? Paja unkathawa Sande sukulu n'kukawedza milamba m'Shire.

Ngati chinali chilango, chinagweranji anthu a ku Makhanga, olima m'dimba chifukwa kumtunda alibe malo, ndi makanda osadziwa ngakhale kutukwana? Mbava zenizeni nyumba zawo zili pamtunda, madzi sanazinunkhe n'komwe. Mu 2015 anali omwewa, Idai mu 2019 omwewanso. Kodi uchimo umakhala m'mbali mwa Ruo mokha?

Akatekisiti aja atatopa ndi mafunso anga anandibwereka mapepala awo a kuseminale. Muli Leibniz, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, amene mu 1710 anati dziko lino ndilo labwino koposa onse amene Mulungu akanatha kulenga, zoipa zili ndi malo ake m'dongosolo lonselo. Koma mu 1755 chivomezi chinagumula mzinda wa Lisbon ku Portugal pa tsiku la Oyera Onse, anthu ali m'matchalitchi. Amene wandigwira mtima ndi katswiri winanso, Kant. Mu 1791 anati nzeru za munthu sizingamuimire Mulungu pamlandu, n'kuloza kwa Yobu: anzake atatu aja ankakometsera Mulungu, kumuumiriza kuti avomere tchimo limene sanachite. Yobu anakana kunama, ankangofunsa. Mapeto ake Mulungu anakwiyira anzakewo. Ndiye iwe ndiwe Elifazi wanga, mmodzi wa atatu aja, ungosiyana naye poti umatumiza ndalama.

Tsono pali mbuzi ya mlamu wako. Yalowa m'munda mwanga n'kumaliza kholowa yense, wa mnansi wanga amene sapondako kutchalitchi yaudumpha. Ine wa kwaya! Ndamuuza mlamu wakoyo, akuti mbuzi ilibe nzeru. Nanga mwini wake? Nkhaniyi ndipita nayo kwa amfumu, Leibniz akabwere adzandiuze malo a mbuzi imeneyi m'dongosolo lake.

Amayi ako aang'ono amafunsabe za mwana wawo amene madzi anamutenga, poti mtembo sunapezeke. Ndikapitako sindinena za chilango, ngakhale za Kant. Iwenso ukawaimbira usayerekeze.

Kutentha kwafika poipa, ndipo pepala landithera. Za denga lija ndimafuna ndikuuze kuti malata amene unati