Pikapu yakale iyambe yakwera pa sikelo isananyamule kanyumba kogonamo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya anthu amene amagula kapena kukhoma okha tinyumba togona pa ulendo, tija amatilowetsa m'bodi ya pikapu n'kudzatitsitsa ulendo ukatha. Ambiri mwa iwo amasankha pikapu yakale, ndipo pamenepo sindikuwaimba mlandu, chifukwa galimoto yakale yosamalidwa bwino imatumikira mwini wake zaka zambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti amayambira kukonzekera pa masipuling'i, pamene akanayenera kuyambira pa sikelo.

Pafelemu ya chitseko cha dalaivala, kapena m'buku la galimoto, pamalembedwa kulemera kumene galimotoyo isapyole itanyamula zonse, komanso kulemera kumene ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala awiri) ya kutsogolo ndi ya kumbuyo iliyonse ingasenze payokha. Mwini pikapu adzaze mafuta, apite nayo pa sikelo yoyezera magalimoto, ndipo chimene sikelo yanena achichotse pa nambala ya pachitseko ija. Chotsalacho ndiye katundu yense amene galimotoyo ingatenge, kuphatikizapo dalaivala mwini wake. Tiyerekeze kuti pikapu ina malire ake ndi makilogalamu 2,800 ndipo pa sikelo yalemera 1,900. Pamenepo patsala 900. Kanyumba kakalembedwa kuti n'kolemera 600, munthu amaona ngati malo alipo ambiri, osadziwa kuti nambala imeneyo kawirikawiri imakhala ya kanyumba kopanda kanthu m'kati. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 80 yawonjezera kale 80. Anthu awiri, batire, silinda ya gasi, zomangira, zofunda, ziwiya ndi zida zokonzera galimoto zikalowa, 900 ija yatha kapena yapyoledwa ulendo usanayambe n'komwe.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Akaona kumbuyo kwa galimoto kwatsika, amathamangira kwa makaniko kuti awawonjezere masipuling'i kapena awaikire mathumba a mpweya okweza bodi, ndipo galimoto ikaima mowongoka amakhutira kuti vuto latha. Zipangizo zimenezi n'zothandiza ndithu, koma zili ngati nkhata pamutu, imene imachepetsa ululu wa mtolo popanda kulimbitsa khosi. Mabuleki, ekiselo, mabering'i, malimu ndi chasisi (zitsulo zapansi zimene zimanyamula galimoto yonse) zimakhala zomwe zija zimene fakitale inaika, ndipo malire amene inalemba sasuntha ngakhale pang'ono. Choopsa china n'chakuti galimoto yotsika kumbuyo inali kuchenjeza mwini wake, ndiye akaikweza amakhala wafafaniza chenjezolo katundu ali pomwepo.

Tikumbukirenso kuti nambala ya pachitseko inalembedwa galimotoyo ili yatsopano. Pikapu ya zaka makumi awiri yadutsa m'zambiri, choncho munthu alowe pansi pake ndi tochi ndi kahamala, agogode chasisi makamaka pamene masipuling'i amamangirirapo ndi pamene bodi imakhalira. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, pamene chodyedwa ndi dzimbiri chimayankha mogontha n'kumayoyoka makoko. Ayang'ane ngati pali sipuling'i yothyoka kapena yoti inaphwa n'kuwongoka, mabawuti omanga ekiselo ngati ali olimba, ndi ma shock absorber ngati akudontha mafuta. Chasisi chikapezeka chobooka, ine ndinganene kuti nkhani ya kanyumbayo ithere pomwepo kufikira wodziwa ntchito atachikonza.

Matayala akumbuyo ndi amene amasenza gawo lalikulu la katunduyu, koma anthu amangoyang'ana ngati mapanga ake sanathe. M'mbali mwa tayala mumalembedwa kulemera kumene lingasenze ndi mpweya umene likufunika kuti lisenze kulemerako, ndipo kulemera kumene matayala awiri akumbuyo angasenze pamodzi kuyenera kupitirira chimene sikelo yaonetsa pa ekiselo ya kumbuyo. Mulinso manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2314 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale likuoneka losatha, ndipo likatenthedwa ndi katundu wolemera limaphulika mosachenjeza. Mabuleki nawonso afunika kuwatsegula n'kuwaona, ndipo mafuta ake asinthidwe, popeza amayamwa chinyezi pakapita nthawi, moti pa chitsikira chachitali amatha kuwira, dalaivala n'kupeza kuti akuponda pedulo yofewa yosagwira kanthu. Rediyeta, mapaipi a madzi ndi mafuta a giyabokosi zionedwenso, chifukwa injini idzakhala ikulimbana ndi katundu komanso mphepo yoomba pa kanyumba kotalika kuposa denga la galimoto.

Kulemera kukakwanira, patsala nkhani ya pamene kulemerako kwakhala. Tinyumba tambiri ta kufakitale timakhala ndi chizindikiro m'mbali chosonyeza pamene pali pakati pa kulemera kwake, ndipo chizindikirocho chiyenera kukhala kutsogolo kwa ekiselo ya kumbuyo kapena pamwamba pake penipeni. Chikapitirira kumbuyo, matayala akutsogolo amapepukidwa, chiwongolero chimayandama, nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa anzathu obwera kutsogolo. Amene akukhoma yekha kanyumba aike thanki ya madzi ndi batire pansi ndiponso kutsogolo, pakuti katundu wokhala m'mwamba ndi amene amapendamitsa galimoto pokhota. Pakati pa denga la galimoto ndi mbali ya kanyumba yotulukira pamwamba pake pakhale mpata wokwanira, chifukwa chasisi chimapindika pang'ono pa msewu wa mabampu ndipo ziwirizi zimatha kugundana.

Za kamangidwe, kanyumba kamangidwe pa ngodya zonse zinayi ndi zomangira zogwira ku chasisi, osati ku malata a bodi kapena ku bampala yakale imene mabawuti ake anadyedwa kale. Zomangirazo zisakungidwe mopyola muyeso, kuopa kuzula zogwirira za kanyumbako, ndipo mphira woyala pansi pa bodi amathandiza kuti kasamaterereke. Batire ya m'kanyumba ilumikizidwe kudzera pa kachipangizo kolekanitsa mabatire injini ikazima, kuti nyali za usiku zisamalize batire yolizira galimoto. Ekizozi yobooka ikonzedwe, ndipo m'kanyumbamo muikidwe alamu ya mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha munthu ali m'tulo.

Zonsezi zikatha, mwini galimoto apakire chilichonse monga mmene adzanyamukire, adzaze madzi, akweze onse oyenda nawo, abwererenso pa sikelo n'kuyeza ekiselo iliyonse payokha. Ayezenso kutalika kwa galimoto kuchokera pansi kufika pamwamba pa kanyumba, alembe nambalayo pamene angaione ali pa chiwongolero. Sikelo ikaonetsa kuti malire apyoledwa, atsitse katundu, apeze kanyumba kopepuka kapena galimoto yamphamvu kuposa imeneyo. Ndikupemphanso amakaniko kuti munthu akabwera kudzawonjezetsa masipuling'i chifukwa cha kanyumba kotere, ayambe amufunsa kapepala ka ku sikelo asanagwire sipanala.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa